Kope lija linakulunga zitumbuwa

Amayi anga, kodi mwadzuka bwanji kumeneko? Ife kuno ku Lunho tilipo. Mlongo wanga Esitere anabereka mwana wamkazi mvula itangotha, tinamupatsa dzina lanu, ndipo pakamwa watengera inu ndithu: salira, amalamula. Chinangwa chachita bwino chaka chino, kungoti mbuzi za a Jemusi, aneba athu aja, zinalowanso m'munda wakumtunda. Msewu wa ku Metangula ukadali momwe munausiyira.

Chiliza chanu tamaliza kumanga, tichivundukula Loweruka likubwerali. Abale anagwirizana kuti mbiri yanu ndilembe ine n'kuiwerenga pamanda, poti ndine mphunzitsi amene munam'phunzitsa ndi usipa. Ndikuuzeni zoona, amayi: miyezi itatu ndinakhala ndi pepala loyera. Ndinkalemba kuti "Malemu anabadwa", basi mutu n'kuuma gwa. Ine amene ndimakalipira ana akalephera kulemba chimangirizo! Manyazi ankandidya. Achimwene akaimba foni kuchokera ku Lichinga kufunsa za mbiriyo, ndinkati sindikumva bwino, kuno mwera wakula.

Mnzanga wa kusukulu, mayi Selina ochokera ku Inhambane, anandipeza ndikutafuna cholembera. Anati mbiriyo ndiyambe ndaisiya, ndigule kope, ndipo m'mawa uliwonse ndizilembamo chilichonse chobwera m'mutu, ngakhale chopusa, osafufuta. Ndinakumbukira mawu anu aja akuti, "Bwato sibuyenda ndi maso, palasa." Ndiye ndinayamba kupalasa.

Tsiku loyamba ndinalemba kuti, "Kwacha. Ndilibe cholemba." Lachiwiri ndinalemba za mbuzi za a Jemusi, masamba awiri athunthu, ndipo eni akewo sindinawasiyire ulemu. Lachitatu ndinadandaula kuti mkazi wanga Marita, mpongozi wanu, amathira mchere m'ndiwo ngati akusunga nsomba za chaka chamawa. Koma chodabwitsa n'chakuti paliponse inu munkatulukira. Ndikalemba za mbuzi, ndinu uyo mukuthamanga m'munda nkhafi yopalasira bwato ili m'manja. Ndikalemba za mchere, ndinu uyo mukundinong'oneza kuti, "Wophika umamunyoza utakhuta." Mwezi usanathe kope linadzaza.

Tsono mukudziwa kumene makope odzaza amapita pakhomo pa mphunzitsi. Marita analipeza pamulu wa makope akale a ana asukulu, sanayang'anemo, analing'amba n'kukakulungira zitumbuwa kudoko, pamene asodzi amatsikira m'mawa. Pofika masana, theka la mudzi linali litadya zitumbuwa n'kuwerenga mtima wanga.

A Jemusi anatulukira atanyamula tsamba lonyowa mafuta. Ndinati lero ndaona zakuda. Koma iwo anati, "Apulofesa, apa mwanama. Nkhafi ija sinali ya mbuzi. Amayi anu ankathamangitsa ine." Anakhala pansi n'kufotokoza nkhani yonse, akuseka mpaka kutsokomola. Kenako kunabwera amayi a kumpingo, asodzi, ngakhale a katekisiti, aliyense ndi tsamba lake, kudzakonza zimene ndinalakwitsa ndi kuwonjezera zimene ndinasiya. Ati munawolokera ku Likoma pa mwera muli ndi pakati pa ine, mukukalipira wopalasa njira yonse. Ine ndinkangolemba, dzanja mpaka kuwawa. Mutu umodzi susenzadi denga: mbiri yanu yatha, masamba asanu ndi limodzi.

Tsamba la mchere lija Marita analiwerenga pomaliza, kwa mnzake wogulitsa tomato. Ino ndi sabata yachiwiri ndikudya ndiwo zozizira, ndipo ndikuyamika ndisanakhute.

Koma pali china, amayi. Ndinkadandaula kwa a Agnesi, mnzanu wa m'kwaya uja, kuti mudzi wonse wawerenga zanga. Iwo anaseka n'kunditengera kuseri kwa nyumba. Anati, "Mwana iwe, zako tinayamba kale kuwerenga. Makalata ako a kukoleji amayi ako ankazungulira nawo mudzi, lero kwa uyu, mawa kwa uyo, ati maso akuwawa. Kuwerenga sankadziwa, ngakhale dzina lawo."

Amayi! Nanga buku la nyimbo lija munkalitsegula Lamulungu lililonse, nkhope ili gwa ngati bishopu? A Agnesi akuti nyimbo zonse zinali pamtima, ndipo makalata anganso munawaloweza onse, mpaka mumakonza wowerenga akadumpha mzere. Zaka zonsezi ine ndinkakulemberani mawu ataliatali kuti muone kuti usipa wanu sunapite pachabe. Ndinaseka, kenako ndinalira pamaso pa a Agnesi, osabisa. Ndakusowani kwambiri.

Musadandaule, zimenezi Loweruka sindiziwerenga, ndikulonjeza. Munazisunga bwino zaka makumi ambiri, ndipo sindine woti ndikuululeni pa chiliza chanu chomwe. Ndikulonjezanso kuti sindisiya kupalasa. Ndagula kope lina, ndipo ili ndimalibisa kudenga, kumene Marita safikira.

Kalata iyi mupatse malemu atate anga akuwerengereni kumeneko. Muwauze kuti maso akuwawa.

Ndine mwana wanu wokukondani,
Benadi