Jekete la Adada

Nkhamenya,
Kasungu.
16 Juni 2024

Okondedwa achimwene a Vitumbiko,

Ndikhulupirira kuti kalatayi ikupezani muli bwino kunjako ku Kepi, inu pamodzi ndi alamu anga a Caroline. Ndapatsira a Fredson amene akubwerera kumeneko Lachitatu. Mudabwa kuti ndalemberanji pamanja pomwe timayankhulana pafoni sabata iliyonse. Pafonipo ine ndimangoti tonse tili bwino, inu n'kuti chabwino, basi tadula. Zomwe ndikufuna kunena lerozi pakamwa zimandikanika.

Fodya tinamaliza kusankha ndipo mabelo anapita kale ku okushoni. Kuno kwazizira kwambiri chaka chino, m'mawa madzi a m'ndowa amaluma zala.

Nkhani yanga ndi ya jekete la adada, lachikopa lija anabwera nalo kuchokera ku migodi mu 1986. Mukulikumbuka, lofiirira, la kolala yofewa yaubweya. Ankalipachika pa chikhomo chakechake kuseri kwa chitseko, Juni aliyense n'kulipaka mafuta a nsatsi ndi kansanza, kolalayo n'kuipesa ndi mswachi wakale. Ankatiuza kuti chikopa sachitsekera, sachichapa, sachiyanika padzuwa. Zaka zonsezi silinang'ambike ngakhale pa chigongono.

Ineyo ndinaliwononga, achimwene.

M'Januwale denga linayamba kudontha pachitseko pomwepo. Adada anali kuchipatala. Paja ndinakuuzani kuti magazi angothamanga pang'ono. Ndinakunamizani, inali sitiroko. Dzanja lamanja ndi mwendo zinafa, ndipo maso, omwe anali kale ndi ng'ala, tsopano amangoona chizimezime. Ndiye pothawitsa jeketelo kumvula ndinalipinda, n'kuliika m'jumbo, n'kumanga kukamwa. Kenako ndi zachipatala zija ndinaliiwala. Pomwe ndinkamasula m'Epulo linali litachita chuku paliponse, fungo lake losaneneka. Chifukwa cha mantha ndinalichapa ndi sopo wa ufa n'kuliyanika pa udzu tsiku lonse. Madzulo ndinakatola chinthu chouma gwaa ngati chikopa cha ng'oma, paphewa pali ming'alu yokhayokha.

Kuzizira kutayamba, adada anafunsa jekete lawo. Ndinati mawa. M'mawa mwake ndinakwera minibasi kupita ku Boma, n'kuzungulira pa kaunjika mpaka ndinapeza lina lofanana nalo. Ndinalipaka nsatsi pang'ono kuti linunkhe kwathu, n'kuwaveka. Analivala masiku asanu, ine mumtima n'kumati ndapulumuka.

Tsiku lotsatira tili pakhonde, ndikuwamwetsa phala, anangoti, "Feliya, mwini wa jeketeli anali wamanzere."

"Mukutanthauza chiyani, adada?"

"Thumba lakumanzere ndi lotambasuka, lakumanjali silinalowemo dzanja. Langa lili kuti?"

Ndinaika mbale pansi, ndinagwada, n'kuulula zonse. Ndinkadikira ukali wawo uja mumaudziwa. Iwo anangoti, "Katenge." Analipapasa ndi dzanja lamoyolo kuyambira kukolala mpaka m'munsi, chala chikuima pa mng'alu uliwonse.

"Silinafe ili, mwana wane," anatero. "Lauma chabe. Bweretsa nsatsi."

Chiyambire tsiku limenelo, m'mawa uliwonse amakhala pamthunzi wa mango, jekete pamiyendo, akupaka mafuta ndi chala. Pa tsiku amangokwanitsa malo aakulu ngati chikhatho. Amapinda, kuongola, kupakanso. Ndikati ndithandize amakana. Ndipo likufewadi, achimwene. Ming'alu ya paphewa siidzatsekeka, koma msana wonse ndi mkono wakumanja zabwerera mwakale.

Tsiku lina ndinawafunsa kuti akuvutikiranji chonchi pomwe la pa kaunjika lija likuwafunditsa bwinobwino.

"Sindikukonzera ine," anatero. "Vitumbiko anatengera mapewa anga."

Dzina lanu anali asanalitchule kwa zaka zisanu ndi ziwiri, chichokereni tsiku lija m'chigafa munawauza kuti fodya simudzalimanso, iwo n'kuti mukatuluka pampandapo musadzabwererenso. Ine ndinalipo, ndinamva zonse, ndipo sindikunena kuti munalakwa ndinu. Ndikungokuuzani zomwe ndinamva pansi pa mango.

Chomwe chikundisowetsa mtendere ndi ichi. Akudya pang'ono kwambiri, ndipo miyendo yayamba kutupa. Adokotala atawapima sabata yatha ananditengera pambali n'kuti mtima wafooka, ngati pali abale akutali ndi bwino adziwe. Azakhali a Ezelina atabwera kudzawazonda, ndinawamva adada akuwauza kuti, "Ndikamaliza mkono wakumanzerewu, ntchito yanga yatha." Mwina ankanena za jekete lokha. Ine sindinazimve choncho.

Ndiye ndinachitanso chinthu china chochititsa manyazi. Ndinabisa botolo la nsatsi m'nkhokwe, n'kuwauza kuti mafuta atha ndipo mayi amene amayenga apita kumaliro ku Wimbe. Ndinkaganiza kuti ntchitoyo ikachedwa, iwonso achedwa. Masiku atatu anakhala pamthunzi paja, jekete pamiyendo, chala chikuyendayenda pa chikopa popanda mafuta. Tsiku lachitatu anandiitana.

"Feliya, unandinamiza kamodzi. Kwakwana."

Ndinakatenga botolo lija. Sanandikalipire, ndipo mpaka lero sanaitchulenso nkhaniyo.

Achimwene, musatumize bulangete kapena mankhwala, zimenezo tili nazo. Ndikudziwa kuti kuntchito sapereka tchuthi mwachisawawa, ndikudziwanso kuti mawu a m'chigafa aja akadakupwetekani. Adada sapepesa ndi pakamwa, mumawadziwa. Koma bwerani. Ngakhale masiku atatu okha.

Azakhali a Ezelina akupereka moni wambiri. Amuna anga a Amon akuti akakuchingamirani pa depoti ku Boma tsiku lililonse mungatchule. Mundiperekere moni kwa alamu ndi kwa Mwai, amene agogo ake sanamunyamulepo. Adada sanapereke moni chifukwa sakudziwa kuti ndikulemba. Koma dzulo akupaka mafuta anandifunsa kuti, "Kodi ku Kepi anthu amanenepa?" Ndinati sindikudziwa. Anati ngati mwanenepa ndiye kuti zipi idzavuta. Funso limenelo mudzawayankhe nokha.

Pa mkono wakumanzere uja kwangotsala kuchokera pa chigongono kutsika.

Ndine mlongo wanu,
Feliya