Makina Anu Ali M'bokosi

Amayi, kaya mwadzuka bwanji kumeneko? Ife kuno tilipo, kungoti dzuwa la Okutobala latiwamba. Mdzukulu wanu Asiyatu, mwana wanga uja, wabereka mwana wamkazi, tamutcha dzina lanu. Chimanga chaka chino sichinachite bwino, koma sitinagone ndi njala.

Nkhani ili pa khonde lija, Amayi, la sitolo ya ku Old Town, pomwe munkasokera zaka zonse zija n'kundisiyira ine pamodzi ndi makina anu. Akuluakulu a mzinda analigumula. Kenaka malole anabweretsa mabokosi achitsulo opangiratu ku fakitale, n'kuwasanjikiza ngati makatoni a sopo. Akuti ndiwo mashopu amakono, msika ukakula angowonjezera bokosi lina pamwamba. Zamanyazi! Wojambula zimenezi sanasokepo ngakhale batani.

Ine anandipatsa la pamwamba, lopanda khonde. Paja inu munkati telala wobisala amasoka nsanza zake zomwe. Pakhonde munthu ankangodutsa, n'kumva makina, n'kukumbukira zipi yake yowonongeka. Kuno andione ndani? Amayi achikulire aja munkawasokera madiresi a pa Idi amaima pansi, kuyang'ana masitepe, n'kubwerera. Masana m'katimu ndi mu uvuni, ndipo ndikangopalasa makina bokosi lonse limanjenjemera, mpaka wometa wa m'munsimu amagogoda denga ndi tsache.

Ndiye mwana wanu woyamba, achimwene Yusufu a ku ofesi ya ku City Centre, akuti chimenechi n'chitukuko. Iwotu madzulo amakhala pakhonde lawo ku Area 12, miyendo pampando, mlonda pageti. Khonde kwa iwo ndi ulemu, kwa ife ndi uve. Akuti ndigulitse makina anu, ndikakhale kwawo ndizikawalerera ana. Ine, munthu wokhala ndi mdzukulu kale, ndikasanduke wantchito wa alamu anga? Zinandiwawa, sindibisa.

Sabata yatha anatumiza buluku kuti ndiwakulitsire m'chiuno, akatchene pa mwambo wotsegulira mabokosiwa. Ndinawayankha kuti abwere okha dzuwa lili paliwombo, akwere masitepe, ndiwayeze. Mpaka lero sanaoneke, buluku ali pamsomali.

Musadandaule, Amayi. Mawa nditsitsa makina anu, ndikawaika pansi pa mtengo m'mbali mwa msewu, pomwe anthu angawamve. Akandithamangitsa ndidzabwerera mkuja. Koma kuwagulitsa ayi, ndikulonjezani, mpaka kamwana kotenga dzina lanu kadzafikire chopondera ndi phazi lake.

Ndine mwana wanu wokukondani,
Mariamu