Kadontho ka Amayi Sikasuntha

Okondedwa achimwene,

Ndikhulupirira muli bwino pamodzi ndi alamu ndi ana. Chifuwa chija chinakusiyani? Kuno madzi osefukira aja aphwa. Amayi ali moyo, akugona m'kalasi kusukulu pamodzi ndi ena amene nyumba zawo zinagwa. Miyendo yatupa, koma akudya.

Ndamva kuti amalume akuimbirani, akuti ndinasiya mayi wondibala m'madzi n'kutumiza boti kwa anthu osawadziwa. N'zoona. Koma imvani mmene zinayendera.

Kuntchito kwathu, kuofesi yopulumutsa anthu pa ngozi, timakhala ndi mapu pa kompyuta. Munthu akatitumizira pa foni malo amene ali, pamapupo pamatuluka kadontho. Tsiku limenelo maboti anali atatu, timadontho topitirira mazana awiri. Ka foni ya amayi kanali pachitunda cha thanki ya madzi, pouma. Kumunsi kwa mlatho kunali anthu khumi ndi anayi padenga la chigayo, asanu mwa iwo ana. Ndinauza woyendetsa boti kuti alunjike kuchigayo.

Sindinadziwe kuti foni ya amayi inali m'thumba la amalume. Anakwera nayo chitunda kukasaka netiweki, n'kutumiza malo ali chiimire pomwepo. Amayi anali m'nyumba, ataima patebulo, madzi akulekeza m'chiuno, maola asanu.

Makina sananame. Wolakwa ndine, chifukwa sindinafunse. Tsopano aliyense woyankha foni muno amayamba ndi funso limodzi: "Mwaima pomwe pali anthuwo?" Titabwereza kuimba, tinapeza timadontho tina khumi ndi tiwiri ta pachitunda chomwecho, eni ake ali kudambo.

Dzana amalume anabwera kuofesi. Anati njira yopepesera ndi imodzi: ndisunthe kadontho ka amayi, kamene tsopano kali pasukulu, ndikaike pakati pa ogona panja, kuti alandire tenti msanga. Akuti sukulu inandiumitsa mtima, ndipo ndikakana, ndisadzapondenso pakhomo pawo. Ndinawapatsa mpando ndi madzi akumwa, n'kukana. Amayi ali ndi denga. Pansi pa mitengo pali makanda.

Pali china chimene amalume sakudziwa, ndipo ndikufuna muchimve kwa ine. Ngakhale kadonthoko kakanakhala panyumba penipeni, boti likanayambabe kuchigayo. Denga lija linatitimira boti litangochokapo.

Amayi ndinawauza zimenezi maso ndi maso. Anangofunsa ngati ndawabweretsera mafuta opaka miyendo. Mpaka lero sananenepo china. Ndimapita tsiku lililonse kukawapaka, ndipo miyendo amaitambasula.

Ndiye achimwene, ngati mukufuna kuthandiza, tumizani mabulangete awiri ndi nsapato zofewa. Ngati mukufuna kundikalipira, imbani, ndimvera mpaka mumalize. Koma za kadontho musavutike nazo. Kadzasuntha tsiku limene amayi adzasamuke.

Mundiperekere moni kwa alamu, ndipo ana muwauze kuti agogo awo akuwafunsa. Mulungu akusungeni nonse.

Ndine mlongo wanu,
yemwe uja munkati Wamakani