Zipolopolo za a Maurice

Lolemba, 3 Novembala

Mvula chiyambire m'mawa. Kwa a Maurice ku Maryhill ndafika mochedwa, ndawapeza avala juzi chotembenuza. Zaka ziwiri tsopano ndikuwasamalira pakhomo pawo. Mutu wayamba kuwathawa pang'onopang'ono.

Pofuna masokosi m'kabati ndapeza chitini cha mabisiketi. Kulemera. M'kati muli zipolopolo, zazifupi zonenepa, zokulunga m'kansalu ka mafuta. Eni ake osadabwa n'komwe. Akuti kale ankayang'anira nyama pa esiteti ina kumapiri, ndiye anali ndi kamfuti kam'manja komalizira agwape ogundidwa ndi galimoto kuti asazunzike. Mfutiyo anakaitula kupolisi atapuma ntchito. Izi zinangotsalira. "Popanda mfuti sizipha munthu izo," atero.

Ndabweza chitini pamalo pake.

Lachiwiri, 4 Novembala

Mtima sukukhazikika. Kuno kudziko la eni kusunga zipolopolo popanda chilolezo ndi mlandu. Kuntchito anatiuza kuti tikaona choopsa m'nyumba ya munthu tizinena. Ndikakhala chete, wina n'kudzazipeza, adzati Vainess ankadziwa. Viza yanga ili m'manja mwa kampani imene inandilemba ntchitoyi. Mwana wanga Atusaye wangozolowera kumene sukulu.

Ndawaimbira a Doreen, abwana athu. Ndimayesa abwera okha, azitenge mwakachetechete. A Maurice sindinawauze.

Lachinayi, 6 Novembala

Kwabwera apolisi awiri. Aulemu ndithu, koma afufuza nyumba yonse mpaka pansi pa matiresi, kuopa kuti mwina mfuti ilipo. A Maurice sanamvetse. Ayesa kulanda chitini, aterereka, amenyetsa chiuno pakona ya tebulo. Ambulansi. Aneba kudzaza pamasitepe.

Akuwanyamula anandiyang'ana. "Wawauza ndiwe?" Ndinagwedeza mutu kuvomera. Anawakweza mu ambulansi.

Lolemba, 10 Novembala

Chiuno chinathyoka, awachita opaleshoni. Apolisi akuti mlandu palibe, munthu wokalamba, zatha. Mwana wawo Joan wafika kuchokera ku Aberdeen. Akuti bambo ake sangakhalenso okha, akuwafunira malo kunyumba yosungirako okalamba.

Nambala ya Joan ndinali nayo tsiku lonse lija. Ndikanamuimbira iye poyamba. Kapena kukhala nawo pansi a Maurice, tiyi ali m'manja, n'kuwapempha kuti tiwaitane limodzi apolisiwo. Akanavomera. Munthu amene anakatula yekha mfuti yake.

Lamulungu, 16 Novembala

Ku tchalitchi ku Govanhill ndawafotokozera amayi Chikhumbo, namwino. Akuti, "Munachita bwino, achemwali." A Doreen nawonso ndi mawu omwewo. Ndatopa nawo. Kunena kunali koyenera, inde. Koma ine ndinanena chifukwa cha mantha a viza, za iwo sindinaganize n'komwe.

Tsopano andipatsa mayi wina wa ku Partick woti ndizimusamalira m'mawa uliwonse. Wabwino. Basi ikamadutsa pangalande ya pafupi ndi kwa a Maurice ndimayang'ana kumbali.

Loweruka, 6 Disembala

Joan anandipempha ndimuthandize kulongedza, nyumba ikubwezedwa kwa eni. Zithunzi watenga, china cha bambo ake ali mnyamata m'chipale chofewa, gwape paphewa. Zovala zambiri takasiya kusitolo ya zachifundo pa Maryhill Road. Joan sanandidzudzule. Anandipatsa ketulo. Bola akanandikalipira.

Lachisanu, 19 Disembala

Ndalimba mtima, ndakawaona ku Shawlands kumene akukhala. Aonda. Ali panjinga ya olumala, moyang'ana malo oimika galimoto. Ndinakonzeka kupepesa, koma za apolisi sakuzikumbuka. Anandigwira dzanja, kusangalala. Akuti anthu a kuno ndi abwino koma iwo achezako mokwanira, Lolemba akubwerera kwawo. Andituma ndikawatengere nsapato zawo zakutchire zili kuseri kwa chitseko, chifukwa kunja kwaterera.

Ndinati chabwino.

Nsapatozo ndinaziika ndekha m'thumba lakuda lopita kusitolo ya zachifundo tsiku lolongedza lija. Mawa sitolo ija amatsegula. Mwina munthu sanazigule. Ndikazipeza ndiye ndiwapititsira.