Rute Pakaliya ya Njinga

Lolemba, 8 Julayi
Awotchanso nzimbe kuesiteti. Phulusa mpaka m'ndowa. Rute wanga wayamba kubanika chakumadzulo, pachifuwa kulira ngati kamwana ka mphaka. Ndinamugoneka chagada kuti apumule, ndiye zinanyanya. Milomo kuda. Mayi ake, Juliana, kumangoitana Yesu. Ndinathamanga naye panjinga.

Pofika kuchipatala wapezako. Si koyamba. Nesi akuti, "Bambo, amene amafa uja ndi ameneyu?"

Lachiwiri, 9 Julayi
Lorenso, mnzanga wa kabaza, akuti matenda othawa chipatala ngochita kuponyeredwa. Chakudya sichinalowe.

Lachinayi, 11 Julayi
Adokotala akuti ndi mphumu, utsi ndiwo ukuyiputa. Atipatsa kopopera mkamwa, nkutitumiza kwa mayi wina wa fizio, wophunzitsa kapumidwe. Ine ndimadikira jekeseni. Iwo kumuphunzitsa mwana kukoka mpweya ndi mphuno, kutulutsa pang'onopang'ono ngati akuuzira phala lotentha. Masewera! Tsiku lonse osanyamula kasitomala.

Ndinawafunsa zomapezako panjira zija. Akuti, panjinga amakhala bwanji? Ndinawaonetsa: pakaliya, kuweramira kutsogolo, mikono pachishalo, poti ine ndimapalasa choimirira.

"Ndiye kakhalidwe kake kameneko. Chagada chifuwa chimapanikizika. Mumpopere kaye, akhale chonchi. Koma milomo ikada kapena akalephera kuyankhula, musadikire, bwerani."

Basi? Kakhalidwe?

Loweruka, 13 Julayi
Tikuyeserera m'mawa uliwonse. Rute amandiseka, akuti ndimauzira ngati ng'ombe. Ndikayika khutu pamsana pake, ziii. Komabe mtima suli m'malo. Munda wakuseri kwathu sanawotche.

Lachiwiri, 16 Julayi
Awotcha. Mphepo kulunjika kwathu.

Kamphaka kaja kanayamba. Juliana wayala kale mphasa, ndinati ayi. Kopopera kanandigwa kaye. Ndinampopera. Njinga ndinayilowetsa m'nyumba, kuimika pasitandi, kumukhazika pakaliya, mikono pachishalo. Chitseko chotseka koma osakhoma, phazi langa lili pasitandi kuti zikavuta tizipita.

"Uzira phala, mama. Uzira ndi ine."

Maso ake ali pa ine, anga ali pamilomo yake. Sinade. Tinauzira, tinauzira. Phulusa likugwabe panja.

Kenako anadzutsa mutu.

"Baba, nanga sitikupita?"

Mawu onse mpweya umodzi. Ndinachotsa phazi pasitandi.