Mpira Woyamba Samenya Ndine, Amayi

Amayi, kumeneko muli bwanji, kodi nakonso kukuzizira ngati kuno?

Ine ndilipo, mwana wanu Layisoni, ku Chibanja konkuja munandisiya potsikira kuli chete. Mawondo ndiwo ayamba mwano, koma pakamwa mpabwinobwino. Paja munkati, "Iwe Layisoni, pakamwa pako sipadziwa Sabata." Mpaka lero sipanalidziwe. Mdzukulu wanu Tereza wabereka mwana wamkazi, tamutcha dzina lanu, ndipo kalilidwe kake nkanu ndithu, kolamula. Chinangwa chachita bwino chaka chino, nyemba ndizo zaola ndi mvula. Mzuzu simungamuzindikire. Chibwerere yunivesite aliyense akumanga tizipinda ta lendi, ndipo bwalo lafumbi lija la kumtunda kwa dambo ladyedwa ndi njerwa.

Ndatchula bwalo, ndiye ndingolowa m'nkhani imene ikundiwawa. Ndi ya Wanangwa, mwana wa mlongo wanga Esinati, yemwe munamusiya akuthamanga ndi mamina. Ndikuuzani yonse, chifukwa kuno, kumene malume amamutchula kuti asibweni, ndikangoiyamba amati, "Asibweni, mwayambanso."

Mpira wake woyamba ndinamanga ndine, wa majumbo ndi linya. Ndine ndinamuuza kuti asamathamangire kugolo ngati nkhuku zoona chimanga, aziima pakati, mutu m'mwamba, aone anzake ali pati. Anakhaladi wosewera pakati. Ntchito yake, Amayi, ili ngati ya wogawa chakudya paukwati. Amalanda mpira, nkugawira anzake, iwo nkumwetsa zigoli nkumavina, iye ali thukuta kamukamu.

Anayambira mu timu ya ku Chiputula, yovala malaya obwereka. Kochi wina wa ku Blantyre atamuona anamutenga, ndipo pa depoti chikwama ndinamunyamulira ndine. Kuchoka apo anapita ku Mozambique, nkubwerako akupereka moni wa Chipwitikizi, agalu mpaka kumuuwa. Kenako Joni. Tsiku limene anamuitana ku timu ya dziko ndinatulutsa wailesi panja nkuikhazika pampando ngati mlendo, ine pansi. Anthu anadzaza mpaka pamsewu. Itaimbidwa nyimbo ya fuko ndinalira osabisa. Ndiye wolengeza uja anayamba: "Kumwenda wautenga! Kumwenda wapatsira!" Kumwenda, Amayi. Dzina la bambo ake. Pamsana pa jezi, Kumwenda. Lathu la Phiri silinamveke ngakhale mwangozi. Alamu angawo, a Kumwenda a ku Msongwe, munthu wosadziwa kumene bwalo linaloza, anayamba kuyenda mumsika ngati miyendoyo ndi yawo.

Kwathu ku Dowa mwana ndi wa kwa mayi ake, malume ndiye mwini mbumba. Kuno anatipatsa ng'ombe za malowolo, basi mwana ngwawo. Inu munanena tsiku lomwelo kuti, "Ng'ombezi zidzafa, koma anawo miyendo adzatengera kwathu." Zinafadi. Koma nyumba yamalata ndi kanema wa dishi mwanayo waika ku Msongwe. Ine anandigulira jekete. Sindikudandaula ayi, njotentha chomene. Koma m'jekete simugona alendo.

Tsopano bondo lamukana. Analithyola ku Joni, anamuchita opaleshoni, anabwereranso m'bwalo, koma liwiro lija linatsalira kuchipatala. Wati asiye anthu asanayambe kumuwowoza. Mwezi wamawa kuli mpira wotsanzikana pabwalo lalikulu la mumzinda muno, anzake a timu ya dziko abwera. Pampira wotere pamakhala ulemu umodzi. Munthu wamkulu amalowa pakati penipeni, khamu lonse likuona, dzina lake nkulengezedwa pa chimkuzamawu, iye nkumenya mpira woyamba. Nditamva ndinati, eya, nthawi ya a Phiri yakwana. Ndinakagula nsapato pa kaunjika, zofiira. Ndinayamba kuyeserera kuseri kwa nyumba ndi mandimu, tsiku lina mpaka kugwera m'bedi la mpiru. Kenako ndinamva kuti a Kumwenda nawo asoketsa suti.

Lamulungu lapitali tikuweruka kutchalitchi, mwanayo anatiitana tonse ku Msongwe. Tisanamwe nkomwe tiyi a Kumwenda anati, "Alamu, yewo chomene potilerera mwana, koma ng'ombe zinapita kwanu." Ine ndinati, "Ng'ombe zanuzo ndi zimene zinamuphunzitsa kupatsira mpira?" Tinaimirira tonse awiri, nkhalamba ziwiri zolozana zala. Wanangwa anangoseka nkuti, "Adada, asibweni, khalani pansi. Adzamenya ndi amama."

Esinati, Amayi! Esinati amene ankang'amba mipira yanga ndi mpeni! Amene ankathamangitsa mwanayo ndi mthiko kuchokera pabwalo mpaka kunyumba, akukuwa kuti mpira ndi wa anthu olephera sukulu! Sanathokoze nkomwe, anangofunsa kuti, "Ndiye ndidzamenyere mbali iti?" Mwanayo akuti atagona m'chipatala ku Joni, timu itamuiwala, amene anakwera basi ulendo wonse uja nkukamusambitsa, nkumugwira mkono pophunziranso kuyenda, ndi mayi ake. Zimenezo nzoona, sindikana. Koma inetu pasipoti ndinalibe.

Ndakhala ndikuganiza, ndipo ndaona kuti izi mwachita ndinu. Kuyambira kale munkamukondera. Chiwindi cha nkhuku chinali chake, bulangete latsopano lake, ine mukungoti, "Iwe ndiwe wamkulu, pirira." Ndapirira mpaka imvi, ndipo tsopano mwapita kukanong'oneza mdzukulu wanu kutulo. Musakane. A Kumwenda ndikanawapirira, ndikanati ndi nkhani ya ng'ombe, nkuikamba m'maliro monse anthu nkundimvera chisoni. Nanga mlongo wanga weniweni ndikamunenere kwa yani? Ndi Phiri mnzanga. Dzina lathu limveka pa chimkuzamawu, inde, koma m'nsapato mudzakhala phazi lina.

Choseketsa nchakuti ine ndi a Kumwenda tayamba kupatsana moni wautali. Dzana anandiitana kuti ndikaone suti ija. Njabwino, yaimvi. Tinangoiyang'ana ili pakhoma.

Ndipo tamverani izi. Esinati akubwera kuno masana aliwonse kuti ndimuphunzitse kumenya. Palibenso wina woti apiteko. Amamenya ndi chala chachikulu, atatsinzina. Dzulo anauphonya mpirawo, patapata yake nkuulukira padenga la aneba, ana a yunivesite a pa lendi paja kuseka mpaka kugwirana. Ndinayamba kuseka nawo, koma nditamuyang'ana ndinaona kuti iye sakuseka. Anati, "Achimwene, ndikakamuchititsa manyazi mwanayu pamaso pa anthu onse aja, ndidzalowa pati?" Kuseka kunandithera. Ndinamukhazika pa mpando, ndinagwada ndi mawondo anga oipawa, nkumuveka nsapato zanga zofiira. Zinamukwana, Amayi. Ngakhale phazi munamupatsa langa.

Ndiye ndikulonjezani, ndimuphunzitsa mpaka adziwe kumenya ndi m'kati mwa phazi, maso ali otsegula. Tsikulo ndidzakhala kumipando pamodzi ndi alamu anga, ndipo mpira ukadzagubuduka bwino ndidzaimirira. Koma musandiuze kuti mtima usawawe. Umenewo ndisiyireni.

Ndine mwana wanu wokukondani, woyamba kubadwa, ngati mukukumbukira,
Layisoni