Migolo Makumi Anayi ya Penti

Lolemba, 3 Malichi

Migolo 40 ya penti woyera yabwezedwa kufakitale. Kutsegula umodzi: pamwamba madzi okhaokha, pansi phala lolimba, pakati mzere ngati wolemba ndi lula. Ukavundula amagwirana, pakatha ola walekananso. Abwana maso psuu. "Amene wachita izi achoka."

Lachiwiri, 4 Malichi

Onse akuloza a Ndevu, mkulu wosakaniza penti. Zaka 24 pathanki. Ndiwo anandiphunzitsa kuyesa penti ndi chala ndisanazolowere makina a mulabu.

Lachinayi, 6 Malichi

Ndayesa ndekha, chitseko chokiya. Mabotolo asanu, ufa wolimbitsa penti ndikuwonjezera pang'onopang'ono. Atatu oyamba bwinobwino. Awiri omaliza, mzere uja. Ufawu ukachuluka, timaulusi take timapanikiza tinjere ta utoto, tinjereto n'kuunjikana, n'kumira. Amene anakweza muyeso mwezi watha ndine. Papepala la muyeso dzanja ndi langa.

Mabotolo ndakhuthulira m'sinki. Pepala ndang'amba, ndalemba lina.

Lolemba, 10 Malichi

Msonkhano muofesi. Abwana: "Mayi a kulabu, mwapeza chiyani?" Ndati muyeso unali bwino, vuto ndi kasakanizidwe. Ndawonjezanso kuti masiku ano akuluwa sikelo sakuiona bwino. Zimenezo palibe anandifunsa. A Ndevu chipewa m'manja, maso pansapato zanga. Awachotsa ntchito.

Masana ndadya mbale yonse. Chakudya chinakoma, ndisaname.

Lachitatu, 12 Malichi

Muyeso ndabwezera mwakachetechete. Penti watuluka wosalala. Abwana akuti mwaona, vuto linali mdala uja.

Lachisanu, 21 Malichi

A Ndevu anabwera kudzatenga ovolosi ndi kapu yawo. Aonda. Anandiitanira kuseri kwa migolo. "Mwana wanga, tsiku lomwe lija ndinaona kuti ufa wachuluka, koma ndinati wophunzira akudziwa." Kenaka anatulutsa m'thumba kope la pepala lija, lopindapinda, siginecha yanga ili pomwepo. Ndinaiwala kuti kuthanki kumapita kope.

Anandipatsa m'manja. "Uli ndi ana aang'ono iwe. Sunga wekha."

Ndinalandira ndi manja awiri. Ndinati zikomo bambo. Ndinawaperekeza mpaka pageti.

Atangokhota, ndauza mlonda kuti mdala ameneyu asadzalowenso muno, mwina akhoza kutola zinthu.